Zomwe Ndaona Pagalasi la Saluni Yanga

Loweruka ndimatsegula saluni 6 koloko isanakwane. Ndi kachipinda kamodzi ku Bangwe, mumzinda wa Blantyre: mipando itatu, galasi limodzi lalikulu, makina awiri oumitsira tsitsi, ndi ndowa zamadzi zomwe ndimatungiratu dzulo lake. Pa zaka zoposa 20 zomwe ndakhala pantchitoyi, pamipando imeneyi pakhala akwatibwi ndi aperekezi awo, anamwino ochokera kunaiti, amayi a Mvano ndi a Dorika okonzekera msonkhano, ogulitsa tomato mumsika wa Limbe, ndi atsikana oti mawa lake akayambe ntchito. Aliyense amanena mwa njira yake, koma pempho ndi limodzi: "Mundikonze ndioneke bwino."

Woluka tsitsi amaona zomwe mwini mutu saona. Amaona pankhongo, kuseri kwa makutu, ndi m'mphepete mwa chipumi momwe tsitsi limayambira. Zomwe ndaona m'malo amenewa ndi zomwe zandichititsa kugwira cholembera.

Tsiku lina m'nyengo ya chiperoni kunabwera mayi wa zaka za m'ma 30, duku atalikokera mpaka m'nsidze. Anakhala pakona n'kumatsogoza anzake mpaka tinatsala awiriwiri. Kenako anati, "Achemwali, tandionani, koma musandiseke." Atavula dukulo, tsitsi lakutsogolo linali litatha pamalo okwana zala zitatu, khungu lili see ngati chikhatho. M'masaya munali zigamba zakuda bii, pomwe chipumi chinali chofiirira, timitsempha tikuonekera. M'chikwama anatulutsa timachubu tiwiri ndi kabotolo kopanda dzina komwe anagula kwa mnzake wakuntchito.

Mayiyu sanali wauve. Atandiwerengera zomwe amagula pamwezi, ndinapeza kuti amawononga ndalama zambiri pathupi lake kuposa makasitomala anga ambiri. Chomwe chinamupweteka n'kuthamangira zosintha thupi, m'malo mosamala lomwe anabadwa nalo. Usiku umenewo ndinagona ndikuganiza za agogo anga.

Nsupa ya nsatsi

Agogo, mayi awo a mayi anga, ankakhala kumudzi ku Thyolo. Galasi lawo linali kachidutswa ka kalilole kotsomeka pakhoma, kosakwana nkhope yonse. Koma sindinawaonepo akupita kutchalitchi, kumsika kapena kumaliro ali mbuu. Madzulo alionse ankatereka madzi, n'kulowa kubafa laudzu ndi chinkhupule. Akatha kusamba ankakhula mapazi pamwala mpaka zidendene zitasalala. Kenako ankatsegula nsupa ya mafuta a nsatsi.

Mafutawo ankayenga okha. Ankakazinga nsatsi m'phale, n'kuzisinja mumtondo womwe sunkasinjidwira chakudya, n'kuziwiritsa m'madzi mpaka mafuta atayandama pamwamba. Ife adzukulu ankatithamangitsa pafupi, amvekere njere za nsatsi n'zakupha, mwana asayerekeze kutafuna. Madontho ochepa pachikhatho ankakwanira nkhope, mikono, miyendo ndi m'mutu. Akamanga duku n'kuvala chilundu chawo chosungira Lamulungu, ankayenda khosi lili njo, monga amayendera mayi amene wasenza mtsuko moyo wake wonse.

M'masaya mwawo munali mphini, m'chiuno mikanda. Izo ndiye zinali zokometsera za nthawi yawo. Kale lake kunalinso zina. David Livingstone atafika m'dera la Shire mu 1859 analemba za amayi a Chimang'anja ovala pelele pamlomo wam'mwamba wobooledwa. Amayi a Chiyao ankadziwika ndi chipini chapamphuno. Pelele anatha, mphini zikutha, ndipo chipini chabwereranso pamphuno za atsikana am'tauni. Zokometsera zimabwera n'kupita. Chomwe sichinasinthe kuyambira nthawi ya agogo ndi madzi, mafuta pang'ono, chovala chochapa, ndi kuchita zimenezi tsiku lililonse osatopa.

Khungu limafuna madzi, mafuta ndi chakudya

Khungu lapamwamba limafundula pang'onopang'ono, ndipo latsopano limatenga pafupifupi mwezi kuti lifike poonekera. Choncho chilichonse chabwino chomwe mwayamba kuchita lero, zotsatira zake muziyembekeze pakatha milungu inayi kapena kuposerapo. Mafuta olonjeza kukusinthani m'masiku asanu ndi awiri muziwaopa.

Cholakwika choyamba chomwe ndimachiona ndi sopo. Ambiri timasambira sopo yemwe timachapira zovala ndi kutsukira mbale. Sopo wochapira anapangidwa kuti achotse mafuta pansalu, ndiye pankhope amachotsanso mafuta achilengedwe, khungu n'kuuma gwa. Ngati ndalama yavuta, gulani kasopo kamodzi kosambira kuti kakhale ka nkhope yokha. Kamatha mwezi wathunthu.

Chachiwiri ndi nthawi yodzola. Vaseline, yomwe Robert Chesebrough analembetsa ku America mu 1872 ndipo lero ili m'nyumba iliyonse kuno kwathu, siika madzi m'khungu. Ntchito yake n'kutsekera madzi omwe alimo kale kuti asauluke. N'chifukwa chake muzidzola mukangotuluka m'bafa, thupi likadali lonyowa pang'ono. Mukadikira mpaka mutauma, mungonyezimira pamwamba koma pofika masana mwatuwanso. Mu Juni ndi Julaye, mphepo ikamawomba milomo n'kumang'ambika, dzolani mokwanira. Mu Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo, chepetsani, makamaka pankhope ngati mumatuluka ziphuphu. Ziphuphuzo musamafinye. Pakhungu lathu lakuda, chiphuphu chofinya chimasiya banga lomwe limatha miyezi.

Mapazi ndiwo amaulula munthu. Ndaona amayi atavala diresi lodula, koma zidendene zili ming'alu yokhayokha. Mankhwala ake ndi aja a agogo: kuviika mapazi m'madzi ofunda, kukhula pamwala, kudzola Vaseline, n'kugona mutavala sokosi. Lezala musayandikize kuchidendene, makamaka inu odwala matenda a shuga, chifukwa chilonda chakuphazi chimavuta kupola.

Pa za fungo, thukuta palokha silinunkha. Limanunkha likakumana ndi tizilombo tapakhungu n'kukhalitsa, makamaka m'khwapa ndi m'chovala chobwereza. Pafyumu wothira pathupi losasamba amangoonjezera vuto. Zovala zam'kati zikhale zathonje, ndipo ziume padzuwa. Ndikudziwa kuti ambiri timachita manyazi n'kumaziyanika kuseri kwa chitseko, momwe zimatha masiku awiri zili zachinyezi. Yanikani panja, muphimbe ndi kachitenje kopepuka. Kumalo obisika, madzi oyera otsukira kunja ndi okwanira. Sopo ndi zina zolowetsa m'kati zimabweretsa kuyabwa ndi matenda.

Nkhope imaonetsanso zomwe zili m'mbale. Mayi amene magazi achepa m'thupi amatuwa, zikhadabo zimathyoka, tsitsi limathothoka, ngakhale adzole mafuta a mtengo wanji. Bonongwe, chisoso, nkhwani wotendera, usipa, nyemba, mazira, mapeyala ndi mapapaya zimagwira ntchito yomwe botolo silingagwire. Ndipo inu amene mwangochira kumene, tsitsi likayamba kuthothoka mwana ali ndi miyezi itatu kapena inayi musade nkhawa. Zimachitika kwa amayi ambiri, ndipo limamera lokha.

Mafuta oyeretsa khungu

Tibwerere kwa mayi wa duku uja. Timachubu take tinali ta mafuta omwe anthu amati oyeretsa kapena owalitsa. Ali ponseponse: m'misika, m'maokala, pa Facebook ndi pa WhatsApp. Ena amasakaniziridwa m'nyumba n'kuthiridwa m'mabotolo opanda chizindikiro, moti ngakhale wogulitsayo sadziwa chomwe chilimo.

Mtundu wa khungu lathu umachokera ku chinthu chotchedwa melanin. Melanin ndi chishango chomwe chimatiteteza ku dzuwa. Mafuta oyeretsa amagwira ntchito pochotsa chishango chimenechi, ndipo ambiri amakhala ndi chimodzi mwa zinthu zitatu. Choyamba ndi hydroquinone. Poyamba amayeretsadi, koma akadzoledwa kwa nthawi yaitali amabweretsa zigamba zakuda m'masaya ndi m'khosi, matenda omwe madokotala amawatchula kuti ochronosis, ndipo amavuta kwambiri kuchiza. Dziko la South Africa linaletsa hydroquinone m'mafuta odzola mu 1990 litaona amayi ambiri atawonongeka nkhope.

Chachiwiri ndi mankhwala a steroid monga clobetasol ndi betamethasone. Awa ndi mankhwala enieni akuchipatala, omwe dokotala amalembera munthu wodwala khungu kwa masiku owerengeka. Akadzoledwa miyezi ndi zaka, khungu limapyapyala mpaka mitsempha kuonekera, mizere yong'ambika imatuluka m'mikono ndi m'ntchafu, ziphuphu ndi zipere zimachuluka, ndipo bala silipola msanga. Amalowanso m'magazi n'kukweza BP ndi shuga.

Chachitatu ndi mercury, yemwe amawononga impso ndi mitsempha ya ubongo. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa amapatsira mwana wake. Mercury amakhalanso m'matawulo ndi m'zofunda, moti banja lonse limagawana nawo poizoniyo. Mu 2013 mayiko anagwirizana za pangano la Minamata lochepetsa mercury padziko lonse, lomwe linatchulidwa dzina la tauni ya ku Japan komwe anthu ambiri anadwala ndi kufa chifukwa cha mercury m'zaka za m'ma 1950. Mafuta oyeretsa khungu ali m'gulu la zinthu zomwe panganoli likulimbana nazo. Dziko la Côte d'Ivoire linaletsa mafutawa mu 2015, ndipo la Rwanda linayamba kuwachotsa m'mashopu mu 2018.

Ndinamufunsa mayi uja chomwe chinamuyambitsa. Anati kuyambira ali mwana kwawo ankamutchula kuti wakuda ngati mphika, pomwe mng'ono wake ankamuti dona. Atakwatiwa, bambo akunyumba ankakonda kuyamikira akazi oyera apa TV. Apa m'pomwe pagona nkhani. M'chinenero chathu, mawu akuti "woyera" timatchulira munthu wa khungu lofiirira, timatchuliranso chinthu chopanda litsiro, ngakhalenso Mzimu wa Mulungu. Chovala chikachita litsiro timati chada. Mwana wamkazi amene wakula akumva kuti ndi wakuda, mawuwo akunenedwa monyoza, amayamba kuganiza kuti pathupi pake pali choyenera kuchichapa. Kenako akayamba kudzola mafuta oyeretsa, ife tomwe tinamunyoza tija timamusekanso kuti nkhope ya Fanta, miyendo ya Coca-Cola. Tamulasa kawiri.

Lupita Nyong'o, mwana wa ku Kenya amene anapambana mphoto ya mafilimu ya Oscar mu 2014, ananena poyera kuti ali mwana ankapemphera kuti adzuke khungu litayera. Lero dziko lonse limamutcha chiphadzuwa ali ndi khungu lomwelo, ndipo mu 2019 analemba buku la ana lotchedwa Sulwe lolimbikitsa ana akuda kudzikonda. Chithunzi chake ndinachimata pafupi ndi galasi langa kuti atsikana azichiona ndikamawaluka.

Ngati mwayamba kale kudzola, musachite manyazi. Pitani kuchipatala mukaonane ndi a zakhungu, ndipo mutenge machubu ndi mabotolo onse akaone. Steroid amene wadzoledwa nthawi yaitali akasiyidwa mwadzidzidzi, nkhope imatha kufiira, kuyabwa ndi kutuluka ziphuphu, n'chifukwa chake pamafunika dokotala wokutsogolerani. Muzivala chipewa kapena kufunda ambulera, poti khungu lopanda chishango limapsa msanga. Pogula mafuta aliwonse werengani zolembedwa pabotolo. Lopanda dzina la wopanga ndi mndandanda wa zomwe zilimo, lisiyeni pomwepo. Safunsa anadya phula.

Tsitsi likamapweteka likukuchenjezani

Pa nkhani ya tsitsi, ine ndemwe ndinalakwapo. Nditangoyamba ntchito ndinkakhulupirira kuti maluko abwino ndi okoka kwambiri, chifukwa ndi omwe amakhalitsa. Khirisimasi ina ndinaluka mwana wa achimwene anga, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinatola katsitsi kalikonse ka m'mphepete, mutu unaoneka bwino zedi. Usiku mwanayo analephera kuika mutu pa pilo. M'mawa m'mphepete mwa chipumi munali titatuluka timatuza. Mayi anga anamukhazika pamwendo n'kumasula zonse, kenako anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwanawe, waluka mutu kapena wamanga mtolo wa nkhuni?" Kuyambira tsiku limenelo dzanja langa linafewa.

Tsitsi likakokedwa kwa nthawi yaitali, mizu yake imatopa n'kufa. Madokotala amati traction alopecia. Poyamba limatha kumeranso mukasiya kukoka, koma muzu ukafa pamakhala chipsera, ndipo palibe mafuta omwe angaudzutse. Zizindikiro zake n'zosabisika: mutu kuwawa mukaluka, nsidze kukokekera m'mwamba, timatuza, ndi timizu toyera tolendewera pameshi. Ngati mukufunika kumwa Panado kuti mugone mutaluka, malukowo ndi olakwika. Muuzeni wolukayo kuti, "Achemwali, fewetsani dzanja." Ndalama ndi yanu, mutu ndi wanu.

Meshi kapena wivi isapitirire milungu isanu ndi umodzi, ikachuluka isanu ndi itatu. Mukamasula, lolani tsitsi lipume milungu iwiri. Meshi yaitali yofika m'chiuno imalemera, ndipo kulemera konseko kumalendewera patimizu tating'ono ta pachipumi. Wigi muzivula pogona, muziichapa, ndipo guluu wom'matira pachipumi amazula tsitsi lomwe mukufuna kuliteteza. M'mutu muzitsukamo ngakhale mutaluka. Kumenya mutu ndi chikhatho chifukwa cha kuyabwa ndi chizindikiro choti mfundu ndi litsiro zachuluka.

Mankhwala owongola tsitsi, omwe m'saluni timangoti rilakisa, ambiri amakhala ndi sodium hydroxide, soda yemwe uja amapangira sopo. N'chifukwa chake amawotcha. Mu 2022 akatswiri a National Institutes of Health ku America anatulutsa kafukufuku woonetsa kuti amayi omwe amawongola tsitsi ndi mankhwala koposa kanayi pachaka ankapezeka ndi khansa ya m'chiberekero mowirikiza kawiri poyerekeza ndi omwe sawongola. Ine ndimawongolabe amene wafuna, koma ndili ndi malamulo anga. Papite miyezi itatu musanabwereze. Mankhwala apakidwe patsitsi lomera kumene lokha. M'mutu mukhale mopanda bala, ndipo musakande dzulo lake. Tsiku lowongola si tsiku loluka. Mwana wamng'ono sindimupaka, ngakhale mayi ake andilonjeze ndalama zingati.

Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ndipo palibe mafuta omwe angaliwirikize liwiro. Amene tsitsi lawo limatalika ndi omwe salithyola. Pesani lili lonyowa pang'ono, ndi chipeso cha mano otalikirana, kuyambira kunsonga kutsikira kumizu. Pogona mangani duku loterera. Kumanga tsitsi ndi ulusi, komwe amayi athu ankatichita pakhonde Loweruka madzulo, kumaliwongola popanda moto kapena mankhwala, ndipo ndikusangalala kuti atsikana ayambanso kukufuna. Kumeta nakonso n'kutchena. Mutu wometa bwino, ndolo ziwiri ndi khungu losalala, palibe angapikisane nazo. Chachikulu, onetsetsani kuti makina ndi zipeso zapukutidwa ndi spiriti ndipo lezala ndi latsopano, chifukwa zipere ndi matenda ena amayenda pa zipangizo zobwerekana.

Chitenje, kaunjika ndi simbi

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya meshi, mafuta ndi zovala zochokera kunja inakwera moti makasitomala ena anasiya kubwera. Koma ndinaona chinthu chimodzi: amayi omwe ankaoneka bwino kale anapitiriza kuoneka bwino. Chinsinsi chawo si kuchuluka kwa zovala. Ndi kusankha, kusoketsa ndi kusamala.

Chitenje chili ndi mbiri yaitali. Chija timachitcha Java chinatenga dzina ku chilumba cha Java ku Indonesia, komwe kuli luso lojambula nsalu ndi phula lotchedwa batik. Makampani a ku Ulaya, monga Vlisco ya ku Helmond m'dziko la Netherlands yomwe inayamba mu 1846, anatengera lusolo n'kupeza msika waukulu mu Africa. Kuno kwathu ambiri tinakula tikuvala zitenje za David Whitehead za konkuno ku Blantyre, ndipo lero ena amakasankha ku Limbe, ena kumsika wa Taifa ku Mzuzu. Koma chitenje chokongola chimafera m'manja mwa telala wothamanga. Pezani telala mmodzi wodziwa thupi lanu, akuyezeni bwinobwino, ndipo mukayese chovalacho asanamalize. Pochapa gwiritsani madzi ozizira, muchitembenuze, muyanike pamthunzi kuti maluwa asafwifwe.

Kaunjika amafuna maso ndi kudekha. Gwirani nsaluyo muimve, yang'anani m'khwapa, m'kolala ndi zipi, muiunike padzuwa. Chovala cha nsalu yabwino chokulirapo chigulidwe, telala akachepetsa. Chothina chisiyeni ngakhale chikongole bwanji. Siketi imodzi yakuda, mabulauzi atatu, diresi limodzi la chitenje ndi nsapato zolimba zimatha kukuyendetsani sabata yonse anthu osadziwa kuti mukubwereza. Musaiwale zam'kati: bra yosakwana bwino imawononga maonekedwe a diresi lililonse, ndipo nsalu yoonekera imafuna pitikoti.

Simbi, kaya yamagetsi kaya yamakala, ndi mnzake wa mayi wotchena. Kusita kulinso ndi phindu lina. M'nyengo yamvula kuli ntchentche yomwe imaikira mazira pazovala zonyowa, makamaka zoyanika pansi kapena pa udzu. Mphutsi zake zimalowa m'khungu n'kutupa ngati chithupsa. Kutentha kwa simbi kumapha mazirawo, choncho sitani ngakhale zam'kati ndi matewera a mwana.

Ndimasilira amayi akuno ku Bangwe omwe amatsika kukakwera minibasi atavala masilipasi, nsapato zakuofesi zili m'chikwama pamodzi ndi kansanza kopukutira fumbi ndi chitenje chopinda bwino. Chitenje cham'chikwamacho ndi nzeru ya mayi wa ku Malawi. Uthenga wa maliro ukamupeza ali kuntchito, kapena akakumana ndi apongozi mosayembekezera, ali wokonzeka.

Kudziwa chovala choyenera malo ndi ulemu womwe mayi amasankha yekha. Sizinali choncho nthawi zonse. Mu 1973 boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linakhazikitsa lamulo loletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi oonetsa mawondo, ndipo linachoka pomwe dziko linasankha ulamuliro wa zipani zambiri mu 1993. Mu Januwale 2012 mavenda ena ku Lilongwe ndi m'mizinda ina anavula amayi pamsewu chifukwa cha mathalauza ndi masiketi aafupi. Amayi anasonkhana ku Blantyre kudzudzula nkhanzazo, ndipo Pulezidenti Bingu wa Mutharika ananena kuti amayi ali ndi ufulu wovala zomwe akufuna. Mu Epulo chaka chomwecho Mayi Joyce Banda anakhala mtsogoleri wa dziko, ndipo anayenda m'mayiko akuluakulu atavala chitenje ndi duku. Wa thalauza ndi wa chilundu onse ndi athu, ndipo palibe amene ali ndi mphamvu yoika dzanja pa chovala cha mayi.

Zophoda zikhale ngati mchere m'ndiwo

Phoda ndi wabwino akafanana ndi khungu lanu. Muyeseni pachibwano muli panja powala, muone ngati nkhope ndi khosi zikugwirizana. Nsidze zitsate momwe zinamerera. Pensulo ya m'maso ndi zopaka m'zikope musabwerekane, chifukwa matenda a maso amafalikira momwemo. Kaya mwatopa bwanji, sambani kumaso musanagone.

Zikhadabo zoikirira zimakongola paukwati, koma kwa mayi amene amaphika, kuchapa ndi kusambitsa khanda, pansi pake pamabisala litsiro ndi chinyezi. Zikhadabo zanuzanu, zodula bwino ndi zoyera, sizichititsa manyazi paliponse. Mano atsukidwe kawiri patsiku, lilime lomwe, ndipo mswachi usinthidwe pakatha miyezi itatu. Kumwetulira kwa mano oyera kumaposa lipisitiki iliyonse.

Pamwamba pa zonsezi pali zosagula: kuimirira mowongoka, kuyenda mosakhwekhwereza mapazi, kupereka moni, ndi kulankhula bwino ndi wantchito wam'nyumba monga momwe mumalankhulira ndi abwana. Ndaluka amayi okongola omwe atangotsegula pakamwa saluni yonse inangoti zii. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mawu kwa amayi anzanga

Mayi wa duku uja ndinamumeta tsiku lomwelo, n'kumupempha kuti apite kuchipatala ndi timachubu take. Anapita. Patatha pafupifupi chaka anabweranso, mutu uli poyera. Tsitsi lina lakutsogolo linali litamera, lina ayi. Zigamba za m'masaya zinali zitachepa koma sizinatheretu. Khungu lake lenileni linali litabwerera, lakuda ndi losalala, ndipo anakhala pampando wapakati, kutsogolo kwa galasi, osati pakona. Anabwera ndi mwana wake wamkazi wa zaka zisanu ndi zitatu kuti ndimumange ulusi. Ndikumupesa, ndinamva mayiyo akumuuza kuti, "Taona m'galasimo, ndiwe wokongola momwe ulirimu."

Amayi anzanga, mawu amenewa tiziwauza ana athu asanakamve ena kunjira. Abambo, samalani zomwe mumayamikira pamaso pa akazi anu ndi ana anu. Anzanga a m'masaluni, tisagulitse botolo lomwe sitingadzoze mwana wathu, ndipo tisakoke mutu wa munthu chifukwa chofuna kuti maluko athu atamandidwe. Ndipo inu amene mukuwerenga, madzulo ano terekani madzi, khulani mapazi, dzolani thupi likadali lonyowa, sitani chovala cha mawa. Khungu ndi tsitsi lomwe muli nalo ndi lomwelo, lina simudzapatsidwa. Lisamaleni.